Foni yosazima ikuthawitsa anyamata ndi atsikana a IT ku Mangochi

Netiweki ikathawa, tonse timadziwa chochita. Timazimitsa foni n'kuyatsanso, ena timatuluka panja foni ili m'mwamba, ndipo ikangobwerako timathamangira pa Facebook kukalalatira kampani. Mayi wogula usipa padoko la Msaka, amene akudikira ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba, amangoti kakasi nsomba zikutengedwa ndi wina. Kubanki pa Mangochi boma mzere umafika mpaka kumsewu, kenako wina amatulukira kudzanena mawu amene tonse tinatopa nawo: "Pepani makasitomala, system ili down."

Chimene sitiganizira n'chakuti nthawi yomweyo foni ya munthu wina ikulira. Mwina wangosamba kumene m'manja kuti adye nsima. Mwina ali pamzere kuchipatala ndi mwana wotentha thupi. Mwina ali pasiwa. Kaya ali pati, ayenera kudzuka, kubereka chikwama cha laputopu n'kuuyamba.

Anthu amenewa timangowatchula kuti "a IT". Muli amisiri osamalira nsanja za netiweki, oyang'anira makompyuta m'mabanki, m'zipatala ndi m'mabungwe, komanso oonetsetsa kuti WiFi ikugwira m'malo ogona alendo kuchokera ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Ambiri ndi achinyamata, anzathu amene tinkawasirira atapeza ntchito. Koma ndikamacheza nawo masiku ano, mawu amene ndimamva kawirikawiri ndi akuti, "Aise, ine ndikufuna ndisiye basi." Ukafunsa chifukwa, amayamba ndi malipiro, monga aliyense m'dziko muno. Macheza akatalika, nkhani imakhotera kunyumba.

Ndili ndi msuweni amene anagwirapo ntchitoyi kubungwe lina lomwe linali ndi maofesi pa boma, ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Makanjira. Wa IT anali yekha. Pulinta ikafa ku Namwera, iye. Intaneti ikaduka ku Monkey Bay, iye. Bwana akaiwala password Loweruka usiku, iye yemweyo. Tsiku lina m'nyengo ya mvula ali ku Makanjira, analandira uthenga woti amalume ake atisiya m'mawa. Banjalo ndi la Chisilamu, ndipo wa kuno aliyense akudziwa kuti maliro sachedwa kuikidwa. Kuchokera ku Makanjira kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 100, pamsewu woti mvula ikagwa ngakhale dalaivala sangakuuzeni nthawi yofikira. Anafika mdima utagwa, anthu atabwerako kale kumanda.

Palibe anamukalipira. Mlongo wake yekha ndiye anamuyang'ana n'kunena chapansipansi: "Achimwene, tsiku lanu likadzafika, makompyuta anuwo ndiwo adzakunyamuleni."

Sanasiye ntchito mawa lake ayi. Anagwirabe miyezi ingapo, koma mtima unali utachoka kale. Lero ali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi malaputopu. Amapeza zocheperapo, koma Lachisanu masana amatseka n'kupita kumzikiti osapempha chilolezo kwa aliyense.

Akatswiri anaziona kale

Zimenezi si zachilendo kwa ochita kafukufuku. Mu 1985, akatswiri awiri a ku America, Jeffrey Greenhaus ndi Nicholas Beutell, anafotokoza kuti ntchito ndi banja zimalimbana m'njira zitatu. Yoyamba ndi nthawi: ola limene uli pansanja ku Katuli sungakhalenso pamsonkhano wa makolo kusukulu ya mwana wako. Yachiwiri ndi kutopa ndi nkhawa: kunyumba wafika inde, koma mutu udakali pa server imene yakana kuyaka, mwana akakufunsa za homuweki umangomuzazira. Yachitatu ndi khalidwe: kuntchito unazolowera kuyankha mwachidule n'kuthana ndi vuto m'mphindi zisanu, pomwe kunyumba mnzako akufuna ukhale pansi umumvetsere mpaka amalize.

Mu 2000, Jo Ellen Moore anasindikiza kafukufuku wake pa anthu ogwira ntchito za makompyuta. Anapeza kuti kuchuluka kwa ntchito ndiko kumawafoola kwambiri, ndipo ofookawo ndiwo amaganiza kwambiri zosiya. Mu 2007, Manju Ahuja ndi anzake anafufuza anthu a IT amene amakhalira kuyenda, kugwira ntchito kutali ndi kwawo. Anaona kuti ntchito ikamasokoneza banja, munthu amatopa kwambiri, chikondi chake pa kampani chimachepa, kenako maganizo ochoka amabwera. Anaonanso kuti amene ali ndi ufulu wodzikonzera kagwiridwe ka ntchito yawo zinthu zimawapepukirako.

Kafukufuku ameneyu anachitika m'dziko la misewu ya tala ndi magetsi osathimathima. Ndiye tangoganizani kuno kwathu.

Chifukwa chake kuno zimaluma kwambiri

Choyamba ndi kukula kwa boma. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, omwazikana mbali zonse ziwiri za nyanja, kuchokera kwa Nankumba mpaka kumapiri a Namwera ndi kuchipata cha Chiponde. Malikulu a makampani ndi mabungwe ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo magulu a IT amakhala komweko. Kuno amatumiza mmodzi, akachulukitsa awiri. Munthu mmodzi alibe wosinthana naye, choncho tchuthi chake chimakhala cha papepala. Amapita kumudzi foni ya ntchito ili m'thumba.

Chachiwiri ndi magetsi ndi mafuta. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Mukukumbukira mmene magetsi ankazimira nthawi imeneyo. Nsanja ya netiweki magetsi akazima imadalira mabatire ndi jenereta, jenereta imafuna dizilo, ndipo dizilo naye wakhala akusowa mobwerezabwereza m'zaka zapitazi. Onjezerani akuba amene amazula mabatire ndi kudula nthambo. Chilichonse mwa zimenezi chikachitika, pali munthu amene amadzutsidwa pakati pa usiku.

Chachitatu ndi mmene ntchitoyi imagawidwira masiku ano. Mwachitsanzo, mu 2022 kampani ya Helios Towers inagula nsanja zoposa 700 zomwe zinali za Airtel m'dziko muno. Umu ndi mmene bizinesi ya mafoni ikuyendera m'maiko ambiri: wogulitsa bandulo ndi wina, mwini nsanja ndi wina, ndipo nthawi zambiri wokonza ndi wina wa kontirakiti. M'mapangano amtunduwu mumakhala maola oikika oti vuto likhale litakonzedwa. Phuma lonselo limatsika kuchokera pamwamba n'kukathera pa mnyamata wa njinga yamoto. Ndipo munthu amene kontirakiti yake imatha chaka ndi chaka sayankha kuti "bwana, lero sinditha" mwachisawawa.

Chachinayi tili nacho m'manjamu. Kale munthu akaweruka waweruka. Lero pali gulu la WhatsApp la kuntchito limene siligona. Bwana akuona kuti uli online, timizere tiwiri tabuluu taoneka, ndiye uziti chiyani? Foni yomwe ija unagula kuti uzicheza ndi abale ndi imenenso imakuchotsa pakati pawo.

Banja kuno ndi mbumba

Mabuku akunja akamati banja, amanena za mwamuna, mkazi ndi ana awiri kapena atatu. Kuno mawuwo ndi otambalala. Pakati pa Ayao ndi Achewa, mwamuna amayang'aniranso alongo ake ndi ana awo. Ndiye mwini mbumba. Pachinkhoswe cha mdzukulu amafunika. Ana akamatuluka ku jando kapena ku nsondo nthawi ya tchuthi chachikulu cha sukulu amafunika. Pasadaka, pamlandu wa munda kwa amfumu, paukwati umene wagwedezeka, amafunika ndi thupi lake, pakuti unkhoswe sayendetsera pa voice note. M'mwezi wa Ramadan banja limayembekezera kumasula pamodzi dzuwa likalowa. Kwa Akhristu pali Lamulungu, pali mphakati, pali kwaya. Ndipo pamwamba pa zonse pali maliro. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo anthu amaona amene wabwera ndi amene wangotumiza ndalama pafoni.

Zambiri mwa zimenezi sizibwerezedwa. Server ikafa lero mawa idzakonzedwa, koma mwana amatuluka kusimba kamodzi. Apa ndi pamene wogwira ntchito amayamba kuwerengetsa zimene akutaya, ndipo malipiro a pamwezi amayamba kuoneka ochepa kuposa mmene alili.

Kwa atsikana ndi amayi mtolowo ndi wowirikiza. Mnzanga wina amene amayang'anira makompyuta pamalo ena azachuma anandiuza kuti kumapeto kwa mwezi amatuluka muofesi usiku. Akafika kunyumba, ntchito yakukhitchini imakhala ikumudikira. Choipa kwambiri ndi funso la abambo akunyumba foni ikalira cha m'ma 11 koloko: "Kodi mayi, ameneyu ndani woimba nthawi ino?" Galimoto yakuntchito ikabwera kudzamutenga usiku, mawa lake pachitsime nkhani ndi yomweyo. Palibe cholakwika chimene akuchita, koma akuyenera kudziteteza tsiku ndi tsiku. Ndikuwadziwa atsikana angapo anzeru zawo amene atangobereka mwana woyamba anapempha ntchito ya padesiki kapena anangosiyiratu. Timalimbikitsa atsikana kuphunzira sayansi, n'zabwino, koma ntchito yake ikawafikira imakhala yopangidwira munthu woti kunyumba kuli wina womuphikira.

Ofuna ukhalepo ndi omwewo ofuna ndalama

Tisanamizirenso mabwana okha. Banja nalo limalowerera ntchito. Ukangolembedwa, mudzi wonse umamva kuti mwana wauje "ali pa makompyuta". Fizi ya mdzukulu ndi yako, feteleza wa amayi ndi wako, foni ya aliyense ikafa imabwera kwa iwe kuti ukonze ulere. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, koma mndandanda wa okudalira sunafupike. Ndiye amene akudandaula kuti suoneka pakhomo ndi omwewonso amatumiza "please call me" pa 25. Munthu amakhala pakati, kusiya akulephera, kupitiriza akulephera. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

N'chifukwa chake maganizo osiya amabwera kale kwambiri kalata isanalembedwe. Zizindikiro zake zimaoneka. Munthu amene ankathamanga akaitanidwa amayamba kusiya foni ilire. Salembanso zimene wakonza. Saphunzitsanso wina. CV imakhala yokonzeka mufoni, ndipo Loweruka amayamba kugwira maganyu oika makamera m'malo ogona alendo. Thupi lili pantchito, mtima unalongedza kale.

Tsiku lochoka, amachoka ndi zinthu zimene sizinalembedwe paliponse: nthambo iti imapita kuti, mlonda wa nsanja iti amayankha foni, mtsinje uti sawoloka mvula ikagwa kumapiri. Wolowa m'malo mwake, amene nthawi zambiri amachokera kutauni, amatenga miyezi kuti adziwe zimenezi, ndipo ngati banja lake latsala ku Blantyre, naye amayamba kuwerenga masiku. Amene timalipira mtengo wake ndi ife: bandulo imatha usanaigwiritse ntchito, mzere wa kubanki sukuyenda, odwala akudikira chifukwa kompyuta yakuchipatala yakana.

Nanga amapita kuti? Ena amabwerera ku Blantyre kapena ku Lilongwe kumene kuli magulu osinthana. Ena amatsegula mashopu kapena kukhala ma agent. Ochepa amapeza ntchito za pa intaneti zogwirira kunyumba, makamaka chibwerereni Starlink m'dziko muno mu 2023, ngakhale kuti kumeneko nako kasitomala wa ku America amadzuka iwe ukufuna kugona. Ndipo poti kuno ndi ku Mangochi, njira ya ku Joni imakhala yotsegula nthawi zonse. Imeneyi ndiye imandimvetsa chisoni. Munthu wasiya ntchito chifukwa samaona ana ake mokwanira, n'kupita kumene adzawaonera pa video call zaka zitatu.

Lamulo likuti chiyani?

Ambiri mwa achinyamatawa sadziwa kuti lamulo lili kumbali yawo pa zinthu zingapo. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pomwe ya tsiku lako lopuma kapena la holide imalipidwa kawiri. Tchuthi cha pachaka ndi masiku osachepera 18 kwa ogwira masiku 6 pasabata, ndi 15 kwa ogwira masiku 5. Mayi ali ndi masabata osachepera 8 a uchembere akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Ndipo kuchokera pamene lamuloli linakonzedwa mu 2021, bambo nayenso ali ndi masabata awiri mwana akabadwa. Zikavuta, pali ofesi ya zantchito pa boma, komanso khoti la Industrial Relations Court.

Pamene pali mpata ndi pa nkhani ya foni. Usiku umene wagona khutu lili kufoni, osatha kupita kutali poopa kuitanidwa, uwerengedwe ngati ntchito kapena kupuma? Maiko ena anayamba kuyankha funsoli. Ku France, kuyambira mu January 2017, makampani a anthu 50 kapena kuposerapo amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga akaweruka. Portugal mu 2021 inaletsa mabwana kuvutitsa antchito nthawi yopuma, kupatula pa zadzidzidzi. Australia inayamba lamulo lofanana nalo mu August 2024. Ngakhale ku China, kumene makampani a zamakono anatchuka ndi ndondomeko ya 996, kutanthauza kuyamba 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku masiku 6 pasabata, khoti lalikulu linanena mu August 2021 kuti zimenezo n'zosemphana ndi lamulo. Aphungu athu, amenenso amakonda kudzachitira misonkhano m'mahotela a kunyanja kuno, angachite bwino kuifunsa nkhaniyi kwa mnyamata amene amawalumikizira WiFi.

Zotheka kuchita lero

Sindikunena kuti netiweki izigona usiku. Ntchitoyi ndi yadzidzidzi mwachibadwa, ngati ya unamwino. Koma anamwino amasinthana. Kwa olemba ntchito, chinthu choyamba ndi chimenecho: pakhale anthu awiri, kapena mgwirizano ndi mmisiri wina wa m'deralo, kuti munthu adziwiretu kuti sabata ino foni ndi yake, sabata yamawa ndi ya mnzake. Msilamu ndi Mkhristu akhoza kugawana bwinobwino, wina Lachisanu wina Lamulungu, wina Eid wina Khirisimasi. Amene wagwira usiku apume mawa lake. Za ovataimu zilembedwe ndipo zilipidwe. Bwana aphunzire kusiyanitsa vuto loyenera kudzutsira munthu ndi password imene ingadikire Lolemba. Ndipo polemba ntchito, yang'ananinso ana a konkuno, kuphatikizapo amene amaphunzira pa yunivesite ya DMI-St John the Baptist pa Mangochi pompano. Munthu amene banja lake lili pafupi sakhala ndi chikwama chomangamanga. Zonsezi n'zotchipa poyerekeza ndi kulemba ndi kuphunzitsa munthu watsopano chaka ndi chaka.

Kwa abale, dziwani kuti mwana wanuyo sakunyada. Muuzeni tsiku la sadaka kapena chinkhoswe nthawi ikadalipo kuti apemphe tchuthi, ndipo ntchito zina za mbumba agawireniko ena.

Kwa iwe mnzanga amene kalata yosiyira ntchito ili kale mu drafts, usaitumize ndi mkwiyo wa usiku umodzi. Yamba walemba maola amene wagwira mwezi wathunthu, usiku ndi masiku opuma omwe, upite nawo kwa bwana kapena kwa a HR, upemphe zinthu zotchulika: wosinthana naye, tsiku lopuma, malipiro a ovataimu. Kumbukira kuti wosiya yekha nthawi zambiri salandira ndalama ya severance, komanso kuti wolandira pamwezi amayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi. Kambirana ndi akunyumba musanagamule, pakuti mphika umene ukhudzidwe ndi wa nonse. Zikakanika, choka bwino. Ukayenda siya phazi. Dziko la IT m'Malawi muno ndi laling'ono, mudzakumananso.

Ndipo iwe amene ukumaliza maphunziro a ICT, tsiku la intavyu akadzakufunsa ngati uli ndi funso, usadzangofunsa za malipiro. Udzafunse kuti a IT mulipo angati, amagwira ndani ukakhala patchuthi, ndipo akakuitana usiku amawerengera bwanji. Akadzayamba kuyang'anana osayankha, udzadziwiretu ntchito imene ukuilowa.